Tsiku Limene Tinaperekeza Azakhali ku Sitima

Ndikukumbukira chilimwe chimene azakhali anga a Esnati anaganiza zokwera sitima yapamadzi, zija zimangozungulira nyanja ndi anthu opita kokasangalala. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Handsworth, dera la mumzinda wa Birmingham ku England, m'kanyumba kogundana ndi tinzake, moti ukayetsemula woyandikana naye amakupepesa ali kwawo. Azakhaliwo, mlongo wawo wa bambo, anali namwino ku Coventry. Anati atopa ndi kuyalira odwala, tsopano akufuna anthu ena awayalireko iwo.

Ku Birmingham kulibe nyanja. Madzi amene ndinkawadziwa ine anali a m'ngalande za m'tauni, momwe mumayenda timaboti topyapyala tosathamanga n'komwe. Ndiye nditamva za sitima, ndinkaganiza kuti ndi kaboti komweko koma kotalikirapo pang'ono.

Bambo anga anali ndi lamulo limene anachoka nalo ku Ntcheu ndipo sanalitaye panjira. Munthu wapaulendo amaperekezedwa, ndipo woperekeza sachoka mpaka chimene mnzakeyo wakwera chitazimiririka. Mlendo wongobwera kudzamwa tiyi ankamufikitsa pa siteji, n'kuima pomwepo mvula ikuwanyowetsa, akubayibitsa basi yodzaza anthu osawadziwa. Azakhali anayesetsa kukana.

"Achimwene, ndingokwera basi ya coach, musavutike."

"Munthu akupita pamadzi, ife tikhale pano tikuonera TV? Anthu atimva bwanji?"

Anthu anamvadi. Nkhani itafika kutchalitchi, amayi awiri a kwaya anati nawonso sangatsale, ndipo a Jere, amene ankayendetsa minibasi ya mpingo, anavomera kutitenga mpaka ku doko la ku Southampton. Amayi anga anakazinga nkhuku ndi mandasi, n'kuwiritsa mazira. Azakhali ankapita kumalo kumene anthu amadya mpaka kutopa, koma kamba wapaulendo anawakakamiza ndithu, mu kontena ya ayisikilimu.

Ine ndinali ndi mphumu kuyambira ndili wamng'ono. Kapampu kanga kabuluu kopumira, kamene tinkangoti inhela, amayi anakaika m'thumba la jekete langa. Titafika dzuwa linali likuswa mtengo, ndiye majekete onse tinawasiya m'minibasi. A Jere anakaimika galimotoyo kutali kumene anapeza malo, n'kupita kukaona tauni makiyi ali m'thumba. Za inhela palibe anakumbukira, ngakhale mwiniwakene.

Kenako ndinaiona sitima ija. Inali yoyera mbee, yaitali kuposa mafulati onse amene ndinkawadziwa, ngati wina wanyamula msewu wathunthu wa nyumba zosanja n'kuugoneka pamadzi. Azakhali analowa chakumasana, atalonjeza kuti ikamanyamuka adzakupiza chitenje chofiira kuti tiwazindikire. Kenako tinamva kuti sitimayo inyamuka madzulo. Anthu ena operekeza anakumbatirana n'kubwerera kwawo. Ife tinapeza paki ya m'mphepete mwa doko, amayi anayala zitenje pa udzu, tinakhazikika.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti sitima yotere ikaima sizimitsa injini. Muli makhitchini, magetsi, zikepe, madziwe osambiramo, ndipo zonsezo zimafuna mphamvu usana ndi usiku. Ukakhala pa udzu unkamva kunjenjemera kwapansipansi kosalekeza. Pamwamba pake chumuni chinkafuka utsi wosaoneka kwenikweni, wachikasu pang'ono, ndipo kamphepo kochokera kunyanja kankaubweretsa pomwe tinali ife. Fungo lake linali lija umalimva ukaima kumbuyo kwa basi, koma basi imachoka. Mmodzi wa amayi a kwaya aja anavula duku lawo loyera n'kupeza timadontho takuda, anakutumula, tinangofalikira. Nkhuku ya amayi inkamveka dizilo, koma tinadya, poti chakudya sichitayidwa.

Chifuwa chinayamba pang'onopang'ono. Poyamba ndinkangotsokomola, amayi n'kumati ndadya mandasi mothamanga. Kenako mkati munayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Mpweya unkalowa pang'ono koma potuluka unkakana, ndipo mapewa ankakwera okha. Amene sanadwalepo mphumu sadziwa mantha ake. Umaona anthu akuseka pafupi nawe, mpweya uli ponseponse, koma wako palibe.

"Mum, I can't breathe."

Amayi anakhuthulira chikwama chonse pa chitenje. Munatuluka mafuta odzola, timapepala, Baibulo laling'ono, koma inhela munalibe. Bambo anaimbira a Jere, foni inangolira. Nthawi yomweyo lipenga la sitima linalira mpaka m'mimba kunjenjemera, utsi unada, ndipo m'makonde onse a sitimayo munadzaza anthu okupiza manja. Ndi nthawi imene tinaidikira tsiku lonse.

Bambo sanayang'ane n'komwe. Anagwada, anandiika kumsana, n'kuyamba kuthamanga kulowera kumsewu. Moyo wanga wonse sindinawaonepo akufulatira munthu wapaulendo, ndipo amene anamufulatirayo anali mlongo wawo yekhayo. Ndimakumbukira thukuta la pakhosi pawo ndi mawu amene ankangobwereza, "Puma, mama, puma."

Pachipata cha pakiyo tinakumana ndi mzimayi wina wachizungu ali ndi mnyamata wa msinkhu wanga. Anangomva kulira kwa chifuwa changa n'kutiimitsa. Anatsegula chikwama, anatulutsa inhela yabuluu ngati yanga yomwe, anandikhazika pa benchi n'kundiuza kuti ndiweramire kutsogolo. Anachita zonsezi mosatekeseka, ngati munthu amene amazichita kawirikawiri. Pang'onopang'ono chifuwa chinamasuka. Ndinalira, amayi nawo analira, bambo anangokhala pansi penipeni.

"It's always worse when the ships are in," anatero mzimayi uja.

Anafotokozera amayi kuti amakhala mumsewu wa kuseri kwa doko, ndipo inhelayo ndi ya mwana wakeyo. Masiku amene sitima zaima sayanika zochapa panja, mawindo amatseka ngakhale kutenthe bwanji, ndipo sachoka pakhomo popanda kapampuko. Mawa lake, anatero, kubweranso sitima ina. Mnyamatayo anaima pambali pa mayi ake. Ankangondiyang'ana ngati wodziwa kale zimene ndikumva. Sitinafunse ngakhale dzina lawo.

A Jere anatulukira akunyambita ayisikilimu, akufunsa ngati sitima yapita. Zimene amayi anawauza sindingazilembe pano. Tinadzera kuchipatala kuti andipime, ndipo pobwerera ku Handsworth m'minibasi simunaimbidwe nyimbo ngakhale imodzi, chikhalirecho munali anthu a kwaya.

Azakhali anakupiza chitenje chawo chofiira mpaka mkono kuwawa, osaona munthu aliyense wowayankha. Anabwerako atanenepa, atatupa ndi mkwiyo, atanyamula timasopo ta m'sitima tokwanira mpingo wonse. "Ndiye munandithawa?" anafunsa asanakhale n'komwe pansi. Bambo atawafotokozera, azakhaliwo anandiitana n'kuika khutu pamsana panga kuti amve mmene ndikupumira. Sananame kuti ulendo sunakome. Anati unakoma kwabasi, kungoti m'mawa uliwonse akatuluka panja ankaona mzere wa utsi ukutsalira kumbuyo pamwamba pa madzi, ndipo sizinawabwerere m'mutu kuti kumtunda kuli anthu amene amaupuma.

Masiku ano kuperekeza kunasintha. Timasiya munthu pakhomo la eyapoti galimoto isanazime, kubayibitsana kwake ndi pa foni. Bambo anakalamba, ndipo mlendo amangomufikitsa pageti. Ndimamva kuti madoko ena anaika magetsi oti sitima ikaima izilumikiza n'kuzimitsa injini, ngakhale si sitima zonse zimene zimatero, ndipo sitimazo zikungokulirakulira. Anzanga akuntchito akabwerako ku maulendo otere amandionetsa zithunzi za dzuwa likulowa, ine n'kumayamikira. Sindiwadzudzula, chifukwa azakhali anga anali munthu wotopa amene anayenera kupuma, ndipo awanso ndi otopa.

Koma ndikaona chumuni cha sitima pa chithunzi, mtima umandiwawa ndithu. Ine utsi uja ndinaupuma tsiku limodzi lokha, ndipo bambo anandibereka n'kundichotsapo. Mnyamata uja titasiyana naye anagwira dzanja la mayi ake n'kulowera kuseri kwa doko, chifukwa kwawo kunali komweko.