Khoti lagamula za bambo wake wa Tadala

Mwaswera bwanji nonse. Tangotuluka kumene kukhoti pa nkhani ya mwana wanga Tadala.

Zotsatira za magazi zabwera. A Yohane aja, amene anakana mimba n'kuthawira ku esiteti ya fodya ku Ntchisi, ndiwo bambo wake. Woweruza walamula kuti dzina lawo lilowe pa chiphaso cha kubadwa, ndipo azimusamala pa za sukulu ndi chipatala. Koma watinso ali ndi ufulu womuona mwana, ine ndisawatsekereze.

Titatuluka panja, iwo amuitana ndi mfunda wawo, amvekere, "Nabanda, tabwera kuno." Tadala anangoyang'ana uku ndi uku kufuna kuona amene akuitanidwayo. Zaka zisanu ndi zinayi zonsezi palibe anamutchulapo choncho.

Pano akuti akufuna adzamutenge holide ikubwerayi. Ndawayankha kuti lamulo sindikulikana, koma ayambe abwera kwathu kwa Dzoole, akhale pansi ndi eni mbumba, mwanayo awazolowere kaye.

A malume, inu amene mwamulera, mukuti bwanji? Ine sindingamukweze minibasi ndi munthu woti akamuitana, mwana sakudziwa kuti akunena iyeyo.