Tsiku Limene Nkhoswe Inakwera Chikumbu

Uthenga unandipeza pakhonde la sitolo ku Ndirande, ndili pa makina anga osokera. Anabwera nawo ndi dalaivala wa lole ya shuga. "Ndinu a Thomu atelala? Esnati, mwana wa mlongo wanu, akuti mufike ku Nchalo Loweruka. Akuti banja latha, chatsala n'chakuti ankhoswe adzaone ndi maso."

Ndinene zoona, ndinakondwa. Jailosi, mwamuna wa Esnati, ndinali naye mangawa. Anali kapitawo wa amakaniko ku minda ya nzimbe, munthu wa manja abwino, koma mutu unasokonekera pamene mabwana a ku kalabu anamulola kulowa nawo mpikisano wa galimoto. Chaka chapitacho mlongo wanga, mayi ake a Esnati, anamwalira kwathu kwa Kasisi. Uthenga unatipeza tonse m'mawa mu Blantyre, ine kunyumba, iye ku mpikisano. Iye anati athamange kaye. Pomwe amatsika phiri madzulo, pantoni yowolotsa pa Shire inali itaweruka, ndipo kumudzi anafika mawa lake, manda atakwiriridwa kale. Ine wa basi ndinafika. Iye wa galimoto ya liwiro sanawaone nkhope apongozi ake.

Loweruka ndinalawirira, nditavala jekete yanga ya maukwati ndi maliro. Kudepoti, pakhomo la basi, panaima achinyamata a malaya ofiira, aliyense wokwera aonetse khadi la chipani. Patsogolo panga panali mayi wina atapanira tambala wakuda m'khwapa. Mnyamata wina pofuna kuoneka wochenjera anati, "Nanga tambalayu khadi lake lili kuti?" Mayiyo sanaphethire n'komwe. "Ameneyu ndiye ali pa mbendera yanuyo, mufunseni nokha." Tonse tinayang'ana pansi. Masiku amenewo munthu umayamba wacheuka uku ndi uku usanaseke. Ndinapereka kwacha imodzi ya basi, chenje chake ndinagula chinangwa chootcha.

Amene simunatsikepo phiri la ku Thabwa pa basi ya masiku amenewo, musamanene kuti mumadziwa kupemphera. Basi imalira giya yotsika, mabuleki akununkha, kumanzere thanthwe, kumanja phompho, pansi kutali uko Shire akunyezimira. Kutentha nako kumakudikira pa khona ina n'kukukhala pamsana. Jekete ndinavula tisanafike pakati. Mkulu wina Msena, wogula ng'ombe, amene tinakhala mpando umodzi, anandifunsa komwe ndinkapita.

"Kukathetsa banja," ndinatero.

"Nkhabe, baba," anapukusa mutu. "Banja silithetsedwa ndi njala. Mudye kaye."

Pa pantoni ndinamumvera. Ndinagula mlamba wowamba ndi masau, n'kumadya tikuwoloka. Ndinafunsa mmodzi wa owolotsa kuti amaweruka nthawi yanji. Anati dzuwa likangolowa basi, ngakhale bwana wamkulu wa boma amagona tsidya lomwelo ndi udzudzu. Ndinaganiza za Jailosi atapindika m'kagalimoto kake usiku wonse udzudzu ukumudya, ndipo mlamba uja unakoma kwambiri.

Kuchoka pa Dyeratu kunali fumbi, milambe, ng'ombe zokana kuchoka mumsewu, mpaka mwadzidzidzi dziko lonse linasanduka lobiriwira ndi nzimbe. Ndinatsika pa Nchalo dzuwa lili paliwombo. Esnati ndinamupeza pakhomo la nyumba ya kampani atakhalira mtolo wa zovala zake, womangamanga kale. Atandipatsa madzi sanachedwe ndi malonje.

"Amalume, lero ndiye mpikisano wotsiriza wa chaka. A Jailosi akuti akapambana atenga chikho. Mukawauze kuti chikhocho chiziwaphikira. Amayi anga mpaka lero sanawagwetsere ngakhale msozi umodzi. Akangoti ayambe kunena, amathawira pansi pa galimoto. Ine ndikwera nanu basi ya mawa."

Ndinavalanso jekete, thukuta lili kamukamu, kuti munthuyo adziwe kuti kwabwera mlandu.

Bwalo la mpikisano linali kuseri kwa kalabu. Ine ndinkayembekeza zigalimoto zoopsa. Aa! Ndinapeza tizikumbu, tija ta msana wozungulira, injini kumatako, titandandalikidwa ngati mapoto pathandala, kalikonse ndi nambala yake pachitseko. Madona anakhala pansi pa maambulera, antchito odula nzimbe atadzaza m'mphepete mwa ngalande. Jailosi atandiona anathamanga, n'kunjuta pansi akuomba m'manja, maovololo ake ali mafuta okhaokha.

"Amalume, mwayenda bwanji?"

"Ndayenda pa basi, ndipo ndafika," ndinatero. "Nkhani ya banja sitikamba pagulu. Tipeze pokhala."

Anayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kutsegula chitseko cha chikumbu chake. "Mthunzi ndi uno wokha, amalume. Lowani." Ndinalowa, poti munthu wamkulu sakamba mlandu choimirira. Anandiveka chipewa cholimba ngati mbiya, n'kundimanga lamba pachifuwa. Ine ndinkati ndi ulemu wa ku kalabu. Ndinakonza kukhosi n'kuyamba bwinobwino, "Jailosi, pamene unabwera kwathu kudzapempha mbeta..." Mzungu wina patsogolo anagwetsa mbendera.

Mayo ine! Mutu wanga unatsalira kumbuyo, masau aja n'kubwerera kukhosi.

"Mundikhululukire, amalume!" anakuwa Jailosi. "Lamulo likuti tikhale awiriawiri, wina wokankha tikatitimira mumchenga. Mnzanga wagona ndi malungo. Tikamba tikuyenda!"

"Ukamba ndi agogo ako! Imika!"

Sanaimike. Njira yake inali yozungulira minda, kutsata ngalande, kutulukira pa msewu wa m'mudzi wina, n'kubwereranso pa kalabu, katatu. Ulendo woyamba sindinaone kanthu, maso ndinatseka, ndikutchula mayina a ana anga. Ulendo wachiwiri ndinatsegula diso limodzi. Jailosi, pofuna kundikhazika mtima pansi, anayamba kundiphunzitsa. Anati galimoto zonsezo n'zofanana, injini imodzi, matayala amodzi, ndipo ukasintha ngakhale kabawuti amakuchotsa, kuti woluza asanamizire galimoto. Ndinamuuza kuti ndikatuluka wamoyo ndidzamusokera ndekha nsalu ya m'bokosi, ulere. Podutsa pamudzi paja ndinaona amayi awiri akuthamangira ku nyumba ina, manja ali kumutu, koma fumbi linawaphimba.

Tsono pali chinthu chimene sindinamuuzepo Esnati. Ulendo wachitatu, titapitirira mzungu wina wofiira khosi pa khona ya pa ngalande, odula nzimbe onse n'kuimirira akukuwa dzina la Jailosi, ndinamva mawu m'galimoto akuti, "Ponda! Ponda, mwana iwe!" Anali mawu anga. Patsogolo pathu panalibenso wina. Chikho chinali chathu, ndikutero chathu, ine nkhoswe yobwera kudzathetsa banja.

Titakhotera pa msewu wa m'mudzi, tinaona masamba. Nthambi zaziwisi zinali zitayalidwa chopingasa msewu, monga timachitira pakagwa maliro, kuti wa njinga atsike, wa chipewa avule, wa galimoto ayende ngati akuyenda pansi. Ndipo ngakhale injini inkabangula, kulira kwa amayi kunamveka.

Phazi la Jailosi linachoka pa moto. Ndinaganiza kuti angochepetsa liwiro mpaka tidutse masamba a mbali inayo. Ayi. Anapatukira pambali, pansi pa mtengo wa msangu, n'kuzimitsa injini. Anzake anatipeza. Wofiira khosi uja anadutsa ngati mphepo, fumbi lonse n'kukathira anamfedwa. Ena awiri anachepetsa pang'ono, akuyang'ana ngati afunse kuti chaonongeka n'chiyani, kenaka nawonso anapita.

"Jailosi, akupita anthu aja," ndinatero, manyazi ndilibe.

Anavula chipewa chake n'kuchiika pampando. "Apite, amalume. Maliro ena aja ndinawachedwera."

Anatsika. Ine lamba uja anandikanika kumasula, mpaka mkulu wina wa pamudzipo anachita kundithandiza, akundiyang'ana jekete ndi mbiya ili kumutu. Womwalira anali mayi wachikulire amene tonse sitinkamudziwa ngakhale dzina. Tinakhala pansi kumbali ya amuna. Jailosi anagwira nkhope, mapewa n'kuyamba kugwedezeka, kenaka analira mokweza ngati mwana, misozi ikutsegula njira m'fumbi la kumaso. Eni maliro ankanong'onezana kuti kodi ameneyu ndi mbale wa kuti. Ine ndinkadziwa amene ankamulira. Ndinaganiza za mlongo wanga, momwe ankamusungira Jailosi chiwindi cha nkhuku ngati mwana wake womubereka.

Ku kalabu, tinamva pambuyo pake, zikumbu zonse zinafika kupatula chathu. Wina anathamangira kukomboni kukanena kuti galimoto ya a Jailosi yaima pamudzi ndipo anthu akulira. Nkhani ikayenda pakamwa imanenepa. Posakhalitsa tinaona mayi akubwera chothamanga m'mphepete mwa ngalande, wopanda nsapato, mpango utagwa. Anali Esnati. Ataona chikumbu chili zitseko pululu, khamu litazungulira, anadziponya pansi.

"Jailosi wanga ine! Mwamuna wanga ine! Amalume, munali kuti inu?"

Analira kuposa eni maliro, mpaka amayi ena anasiya maliro awo kudzamugwira. Ndinadzuka n'kukamukodola. "Iwe, taleka kutichititsa manyazi. Mwamuna wako ndi uyo wakhala apoyo. Si uja umati chikho chizimuphikira?"

Anadzuka, maso ali psuu, ndipo ndinaona kuti akusankha mawu oti amulase nawo. Anafika pomwe anakhala Jailosi n'kumuyang'ana nkhope. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Galimoto yafa?" anafunsa motsitsa.

"Ili bwino."

"Munali kumbuyo?"

"Anali patsogolo!" ndinalowerera ine. "Patsogolo penipeni, wina aliyense akudya fumbi lathu."

Jailosi sanadzutse mutu. "Amayi ndinawalakwira, Esnati. Ndinkasowa poyambira."

Esnati anamasula nsonga ya chitenje chake n'kumupatsa kuti apukute kumaso. "Mukatha kulira mufunse eni ake ngati pali kotumidwa. Galimoto imeneyi igwireko ntchito ya anthu." Atatero anakakhala kumbali ya amayi.

Madzulo amenewo chikumbu chija, nambala yake ili pachitseko, chinayenda mpaka ku Ngabu kukanena uthenga, n'kubwera ndi mwana wa malemu pamodzi ndi thumba la ufa padenga. M'mawa mwake Jailosi anali kumanda ndi khasu pakati pa adzukulu, maovololo omwe aja. Chikho anatenga wofiira khosi. Akuti pochilandira anafunsa ngati Jailosi anathyola giya.

Titabwerako kumanda ndinapeza mtolo wa Esnati utamasulidwa, zovala zili pachingwe. Ndinakhala pampando, jekete nditavala, kudikira kuti mwina wina anditchulire mlandu umene ndinayendera ulendo wonsewu. Palibe anautchula. Anangondipatsa tiyi wa shuga wambiri ndi mbatata. Nkhoswe ndakhalapo m'mabanja angapo, ndipo konseko ndinkalankhula mpaka malovu kuuma. Kuno mawu anga okha amene anamveka anali akuti "ponda".

Jailosi anandiperekeza pamsewu. "Amalume, basi ichedwa. Ndikutulani ine mpaka pakhomo ku Ndirande, dzuwa lisanapendeke."

"Takhuta, mwananga," ndinamuthokoza m'Chisena cha mkulu wa ng'ombe uja. "Mweziwu usanathe upite ndi mkazi wako kwa Kasisi, ukasese pamanda pa apongozi ako. Ulendo umenewo ndiye uyendetse wekha." Anavomera ndi mutu.

Ine ndinakwera basi.