Mapiritsi Anga Anakwiriridwa Pamphambano

Tabwerani kuno nonse. Iwe, tazimitsa kawailesiko. Khalani apa pamthunzi mukhale chete, mawu anga si akale aja, ndikakuwa kawiri ndiyamba kutsokomola. Makamaka iwe mdzukulu wanga wamkulu, ndamva kuti ukuti wachira, mapiritsi akuchipatala aja uwataya m'chimbudzi. Khala kuno kufupi.

Ife tinalowa ku Thambani kuno tikuthawa nkhondo ya kwathu ku Mozambique, ine ndi achemwali anga, ndili ndi pakati pa mayi akowa. Agogo anu aamuna anati, "Tsogolani, ndikupezani ndi mbuzi." Mpaka lero, mbuzi ayi, munthu ayi. Mayi wina wam'mudzi muno, amene tinkangowatchula kuti amayi apakhomo, anatipatsa khitchini yawo kuti tizigonamo.

Nditachira mwana, ine wapakamwa ine, amene ndikaitana munthu kumtsinje amayankha ali kuphiri, ndinangoti zii. Osadya, osasamba. Mwana kulira, ine kumangomuyang'ana ngati wa eni. Achemwali anachita kundikoka kupita nane kuchipatala cha matenti cha othawa nkhondo. Adokotala ake kabambo kowonda, kolankhulira m'mphuno: "Mayi, awa ndi matenda a maganizo. Kamodzi madzulo aliwonse, osadumphitsa." Timapiritsi take ngati njere za mapira. Tinkaumitsa kukamwa ngati wadya nthochi yosapsa, koma pang'onopang'ono mawu anga anabwerera, mpaka amayi apakhomo anayamba kudandaula: "Ha, bola muja munali chete muja!"

Zaka zinapita, mwana anayamba kuthamanga. Kenako tinamva kuti kwathu kwabwera mtendere, matenti aja anayamba kupindidwa. Tsiku lomaliza adokotala anandipatsa kapepala kodzaza timapiritsi. "Musasiye lero ndi lero, mwamva? Muzidula pakati, kenako kachidutswa, mpaka thupi lizolowere." Ndinakasomeka kudenga, mu udzu.

Achemwali anga mawu awo anali ngati a bambo. "Iwe! Nkhondo yatha. Ukufuna utenge matenda a kuno ukawalowetse m'nyumba ya kwathu?" Paja kwathu munthu akachira, zotsala za mankhwala ankakazisiya pamphambano kuti matenda atsalire pomwepo. Ndiye ine ndili kotunga madzi, iwo anasolola kapepala kaja n'kukakwirira pamphambano ya njira yakumsika. Anachita zimenezo pondikonda, musawaseke. Ndinati ndilozereni ndikafukule. "Kufukula n'kuitana matenda! Wapenga?" Ndinapita ndekha ndi khasu, koma ngolo zinali zitapondaponda, ndinangobwerako ndi fumbi.

Poyamba sindinamve kanthu, achemwali kumanyada. Kenako zinayamba. Ndikatembenuza mutu, m'kati muno kumveka thwa! ngati mwana wakulasa ndi legeni koma ali m'mutu mwako. Thukuta kamukamu kunja kukuzizira. Nseru. Kulira kopanda maliro, nkhuku ingodutsa ine misozi mbwee. Koma choopsa chinali chizungulire. Ndikaimirira, bwalo lonse limapendekeka ngati lichero lopetera.

Amayi apakhomo ndi amene ankandigwira. Inali nyengo ya manachesi, ndiye ankandifinyira khungu lake pamphuno. "Nunkhizani, anzanga, nseru ichepe. Musadzuke ngati msilikali, yambani mwakhala, muyang'ane mtengo umodzi." Phala lamadzimadzi pang'onopang'ono. Ndinkayenda mogwira chipupa ngati mwana wophunzira kuyenda. Anati tipite kuchipatala kuboma, koma ndi miyendo iti? Ndinatopa, ana inu. Kutopa kwake kosati kwa kulima, kwa m'mafupa.

Tsono apa ndi pamene panali nkhani. Malole obweza othawa nkhondo ankatula anthu kumsewu waukulu, koma kwathu kunalibe msewu, kunali kuseri kwa mapiri, koyenda pansi. Ndipo m'tchire monsemo asilikali anasiya mabomba okwirira. Panali kanjira kamodzi kokha kamene anthu anali atadutsamo bwino, kopapatiza ngati ka mbewa, ndi bambo wina wa kwathu wokadziwa. Anasonkhanitsa gulu n'kunena, "Tinyamuka mvula isanagwe, udzu ukamera sindikaonanso. Phazi lako pomwe waponda mnzako. Wopatuka, ngakhale kukataya madzi, asatilirire."

Ine woyenda ngati woledzera kachasu, ndiponde pomwe waponda mnzanga?

Achemwali sanafune kumva. Anatenga mpini n'kukoka mzere pabwalo, kuchokera pankhokwe kukafika pamtengo wa nachesi. Anandisenzetsa ndowa ya madzi. "Yenda! Ili ndi bomba, ili ndi bomba, pakati ndi kwanu. Yenda!" Ndinayamba bwino. Kenako thwa! m'mutu, phazi langa uko, ndowa khuu, madzi onse pa iwo.

"Wafa!" anatero, akudontha. "Wafa, wandiphanso ine! Dzuka tiyambirenso."

M'mawa uliwonse mzere. M'mawa uliwonse ndinkafa. Anthu opita kumsika ankaima kumaonerera, ena kumafunsa ngati ndi gule watsopano wa kwathu. Amayi apakhomo anafika pokwiya: "Mumupha ndinu, osati mabombawo! Msiyeni munthu agone!"

Tsiku lonyamuka ndinayesanso, wopanda ndowa. Sindinafike ndi pakati pomwe. Achemwali anakhala pansi, ndipo kanali koyamba kuwamva akulankhula motsitsa. "Ndipatse mwanayu nditsogole naye." Ndinakana. Wina anandiuzapo kale kuti tsogola ndikupeza. Achemwali anangomanga katundu wawo n'kundisiyira mphika waukulu, woti ukanawalemera panjira.

Chizungulire chinadzatha chokha, mvula itagwa kale. Ndinadzuka tsiku lina, bwalo lili phee, ndinayenda kukafika pamtengo uja mowongoka, wondionerera palibe. Koma udzu unali utameza kanjira. Chaka chotsatira ndinati ndikolole kaye. Kenako mwana sukulu. Kenako uthenga unabwera ndi munthu wogulitsa nsomba zouma kuti achemwali anaikidwa kale. N'chifukwa chake inu muli a kuno, osati a uko.

Ndiye iwe, ngati wachiradi, pita ukawauze amene anakupatsawo, akuuze kadulidwe kake. Ine ndatopa, ndipatseni madzi.

Tsiku lonyamuka lija achemwali ndinawaperekeza mpaka pamphambano pomwepo, nditagwira phewa la amayi apakhomo. Gulu linalowa m'tchire mondondozana. Achemwali sakanatha kucheuka, maso anayenera kukhala pa mapazi a wakutsogolo, ndiye anangokuwa chakumwamba, mtolo uli pamutu, mawu awo a bambo aja:

"Iwe! Dziko likasiya kuzungulira ubwere! Ndikulimira mizere yako, koma kupalira udzapalira wekha!"