Makina Opepuka Amene Ndinagulira Baba

Baba anagwira ntchito yowotcherera zitsulo m'migodi moyo wawo wonse kudziko la eni, poyamba ku Connemara, kenako ku Mvuma kumene ine ndinabadwira. Anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo kwawoko sanabwerereko. Mgodi utatsekedwa, anzawo ena anayamba kulima timinda, ena n'kudzipereka ku mowa, koma iwo anamanga kashedi ka malata kuseri kwa nyumba n'kupitiriza kuwotcherera. Sankagulitsa kanthu. Ankapanga zinthu zoti azisangalala nazo okha: tinsanja ta mgodi tofika m'chiuno, tokhala ndi magudumu ozungulira pamwamba, tingolo ta miyala toyenda pa njanji, ndi mipando yolemera moti mlendo akafuna kuisuntha ankachita kupempha thandizo. Amayi ankati mgodi tili nawo pakhomo, chikusowa ndi golide yekha.

Makina awo anali odzipangira okha, mawaya akopa okulungidwa m'bokosi lachitsulo lodzaza mafuta. Akawayatsa, mababu a m'nyumba mwathu ndi a kwa aneba ankaphethira, ndipo mzere wonse wa nyumba unkadziwa kuti mkulu uja wayamba. Palibe ankadandaula, chifukwa geti la aliyense linali litadutsapo m'manja mwawo. Fungo la marodi opsa, timitengo tachitsulo tija timene wowotcherera amasungunula, ndimalisowa mpaka lero. Ndikadutsa pa garaja n'kulimva, ndimachepetsa liwiro mwadala.

Kenako zinafika zaka zija zimene m'mashopu munkatsala mashelefu okhaokha. Magetsi ankabwera mwa kufuna kwawo n'kuchoka osatsanzika. Tsiku lina masana anabwerera ndi ukali makina a Baba ali pa pulagi, ndipo bokosi lija linafuka utsi n'kufa. Kulikonza kunali kosatheka, popeza waya wakopa anali atasowa mpaka anthu ankamuba pa mapolo.

Baba anatulutsa mpando n'kukhala pansi pa mtengo wa gwafa. Mwezi unatha, wachiwiri unatha. Analeka kumeta ndevu, analeka kukangana ndi wailesi, ndipo chakudya chimene tinkachipeza movutikira ankachisiya theka. Ine ndinachita mantha. Ndinkaona kuti atifera pampando pomwepo, munthu wosadwala malungo ngakhale chifuwa.

Nthawi imeneyo ndinali ndi ana awiri, ndipo ndinkawadyetsa ndi maulendo a ku Musina, tauni ya ku South yapamalire. Ndinkakwera basi nditanyamula nsalu zoluka, n'kubwerera ndi mafuta ophikira, mpunga ndi sopo. Nditawauza Baba kuti ulendo wotsatira ndiwagulira makina, nkhope yawo inawala koyamba m'miyezi iwiri, ndipo nthawi yomweyo anayamba kundilamula ngati ndine wantchito wawo wa pa mgodi.

"A marodi chete, a marodi okhaokha, mwanangu," anatero. "Ndipo uyambe wawanyamula. Ukatha kuwanyamula wekha, aikona, amenewo si makina, uwasiye."

M'mawa wa ulendowo Amayi anandikokera kukhitchini ngati akufuna kundipatsa kamba wa panjira.

"Abambo akowa dzanja lawo silili bwino," ananong'ona. "Makina aja asanapse n'komwe, rodi inkangowamatirira pachitsulo. Ndinkawamva akutukwana m'Chilapalapa, chilankhulo chawo cha ku mgodi. Koma iwe usatchule, wamva? Angafe ndi manyazi."

Sikuti sindinkadziwa. Ndinali nditaona momwe ankabisira dzanja lamanja m'khwapa pocheza ndi anthu, ndi momwe mabatani a malaya ankawatengera nthawi. Tonse m'nyumba tinali titaona, ndipo tonse tinkayang'ana kumbali. Ntchito ya rodi imafuna dzanja lokhazikika, chifukwa nsonga yake iyenera kuyandama pang'ono chabe pamwamba pa chitsulo. Ikagunda imamatirira, ikatalikira moto umazima.

Ku Musina ndinalowa m'shopu yaikulu ya zipangizo. Wogulitsa anali bambo wa ku Gweru, kufupi ndi kwathu ku Mvuma, ndipo atamva Chishona changa anasiya Chingerezi n'kuyamba kunditcha sisi. Ndinamuuza zimene Baba ananena, iye n'kuseka, n'kunditengera pakona pamene panali chimakina chofiira cha magudumu. Ndinayesa kuchinyamula monga ndinalamulidwa, ndipo sichinasunthe n'komwe. Chinali chenicheni chimene Baba ankafuna. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka wogulitsayo anafunsa ngati ndikumva chizungulire.

"Nanga munthu amene dzanja lake limanjenjemera?" ndinafunsa.

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa panga. Bamboyo sanandimvere chisoni, ndipo ndimamuthokozabe chifukwa cha zimenezo. Anangoti, "Manje mukananena kale, sisi," n'kutsitsa pa shelefu kabokosi kabuluu kokhala ndi chogwirira pamwamba.

Anandifotokozera kuti makina amenewa amawotcherera m'njira zitatu. Yoyamba ndi ya marodi, imene Baba ankaidziwa. Yachiwiri ndi ya waya wopyapyala amene amatuluka yekha m'kamfuti ukafinya batani, moti munthu amagwira kamfutiko ndi manja onse awiri, n'kutsamiritsa chigongono patebulo ngati akufuna. Yachitatu ndi ya ntchito yosalala kwambiri pa zitsulo zopyapyala, koma imeneyo anati ndiiwale, chifukwa dzanja lililonse limakhala ndi ntchito yakeyake, ndiponso imafuna gasi.

"Ya wayayo sifuna gasi?" ndinafunsa. "Chifukwa kwathu ngakhale parafini wa nyali kulibe."

Anati waya wamba amafuna gasi, koma pali wina wokhala ndi mankhwala m'kati amene safuna botolo lililonse, amangotulutsa utsi wambiri ndi makoko oti uwagogode pambuyo. Ndinafunsanso za pulagi, iye n'kuti ya m'nyumba ikwanira. Kenako ananditengera kuseri kwa shopu, n'kundionetsa kalowetsedwe ka waya ndi kasinthidwe ka zingwe, kawiri konse, mpaka ndinachita ndekha.

Zonse zinali zomveka, koma mtima sunakhale pansi. Chiyambire sindinachitepo zosiyana ndi zimene Baba anandituma. Ndikanagula chofiira chija akanasangalala tsiku limodzi, kenako dzanja likanawabweza pansi pa gwafa. Kugula kabuluu kunali kuwauza kuti chinsinsi chawo ndachiona. Ndinazungulira shopu yonse, ndinayang'ana mafosholo ndi maloko amene ndinalibe nawo ntchito, kenako ndinabwerera n'kuloza kabuluu kaja. M'basi ndinakafungatira pamiyendo ulendo wonse, ndikuloweza bodza limene ndikanene.

Nditafika, Baba ananyamula kabokosiko ndi dzanja limodzi, lamanzere, n'kukakweza mpaka paphewa.

"Wandigulira wailesi?"

"Analipo okhawa, Baba. Enawo anatha."

"Ku South konse atha makina? Ini zvangu!" Anatulutsa kamfuti ka waya m'katoni n'kukayang'ana monyansidwa. "Ichi ndimachidziwa. Ndi cha anthu aulesi amene sanaphunzire ntchito. Chibwezere momwemo."

Tinadikira magetsi masiku atatu. Anabwera Loweruka masana, ndipo mzere wonse unafuula kuti adzoka, ndiko kuti abwerera, azimayi n'kuthamangira ku mbaula zamagetsi ndi ku zositira. Baba anavala ovololo yawo yakale ya pa mgodi n'kulowa m'shedi, ine ndinaima panja ngati ndikwanula zovala. Ndinamva rodi ikugunda chitsulo, kenako phokoso lija la kumatirira, kenako iwo akuisonjola mwamphamvu. Anayesanso, anayesanso. Moto unkayaka kamphindi n'kuzima. Patapita nthawi anatuluka, thukuta lili kamukamu, dzanja ali nalo m'khwapa.

"Makina akowa ndi achabe," anatero osandiyang'ana, n'kubwerera pampando wawo.

Amayi anandiyang'ana ndi diso loti waona zimene wachita. Ndipo ananena zoona ngakhale sanatsegule pakamwa. Makina akale atapsa, Baba anali ndi chonamizira, ankatha kuuza anzawo kuti mlandu ndi wa magetsi. Ine ndinawalanda chonamiziracho, ndipo tsopano ankadziwa okha chimene chalephera. Ndinadzida tsiku limenelo, komanso ndinawakwiyira iwowo, chifukwa mtima wouma umene ndinali nawo ndinatengera kwa iwo omwewo.

Mawa lake titabwera ku tchalitchi magetsi anali akadalipo, chinthu chachilendo m'masiku amenewo. Ndinavula zovala za Lamulungu, ndinavala malaya a mchimwene wanga ndi magolovesi, n'kulowa m'shedi. Ndinalowetsa waya monga anandiphunzitsira bambo wa ku Gweru uja, ndinapana zidutswa ziwiri za chitsulo, ndinatsitsa chipewa cha galasi lakuda n'kufinya batani. Sindinganame kuti ndinali ndi nzeru ina yobisika. Ndinkangofuna kuonetsa kuti makinawo si achabe, kuti ndisaoneke chitsiru. Zimene zinatuluka zinali timibulu tonga zitosi za nkhuku, ndipo phokoso lake linali loipa moti galu wa aneba anayamba kuuwa.

Sindinawamve akulowa. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

"Ukuthamangira kuti? Basi ikukusiya?"

Ndinayesanso pang'onopang'ono, ndipo chitsulo chinabowoka.

"Aikona, aikona! Ukuwononga simbi yanga. Suka lapa, choka apa."

Anandilanda chipewa, anasintha kabatani kamodzi pa makina atangomvetsera kulira kwake, n'kugwira kamfuti kaja. Dzanja lamanja linanjenjemera poyera, ine ndikuona, iwo akudziwa kuti ndikuona. Kenako lamanzere linabwera n'kuligwira pansi, chigongono chinatsamira patebulo, ndipo anagwedeza mutu kuti chipewa chigwe. Ndinatembenuka kuti moto usandipweteke maso. Phokoso limene ndinamva linali lina, losadukiza, ngati nyama ikukazingidwa m'mafuta.

Atamaliza anagogoda makoko ndi kahamala. Pansi pake panali mzere wowongoka, wosalala, umene ndinauzolowera pa mageti onse a mumzere wathu. Anauyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayembekezera kuti anena kuti makinawo ndi abwino, ndipo ndinali nditakonzeka kale kunyada.

"Wa m'shopu uja unamuuza chiyani?" anafunsa.

Ndinafuna kubwereza bodza lija koma linandikanika.

"Ndinamuuza kuti dzanja lanu limanjenjemera, Baba."

Anavula golovesi yamanja, n'kuika dzanjalo patebulo pakati pa ine ndi iwo, osalibisa. Linkagwedezeka lokha pachitsulo chozizira.

"Chaka chonse ndakhala ndikudikira kuti wina m'nyumba muno andifunse," anatero. "Amayi ako ayi, iwe ayi. Ukukauza munthu wa ku Gweru amene sakundidziwa."

Ife tinkaganiza kuti tikuwasungira ulemu, pamene iwo ankaona ngati tawasiya okha ndi dzanja lawo. Manyazi amene Amayi ankaopa kuti apha Baba anandigwira ineyo, ndipo ndinalira pomwepo, mayi wa ana awiri, nditavala malaya a mchimwene wanga.

"Pepani, Baba. Linayamba liti?"

Anakoka chitini cha penti n'kukhalapo, nandilozera china kuti nanenso ndikhale. Magetsi anali akuyakabe, ndipo masiku amenewo palibe munthu ankawataya chabe, koma iwo anatambasula dzanja n'kuzimitsa makina. Anayamba kundiuza kuyambira pachiyambi.