Zala za Mayi Thovu

Kuhotela kumene ankachapa zovala, aliyense ankawatchula Mayi Thovu. Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, ndipo sopo anawafufuta timizere takunsonga kwa zala mpaka zalazo zinasalala ngati botolo. Mabwana ataika makina odindapo chala pageti, makinawo ankawakana m'mawa uliwonse. Mlonda ankangoseka n'kuwatsegulira.

Mwana wawo, yemwe ndi namwino, anawafotokozera kuti khungu limamera kuchokera pansi. Timaselo tatsopano, tosaoneka ndi maso, timabadwa m'kati n'kumakankhira takale pamwamba, ndipo takaleto timauma n'kuyoyoka.

"Timizere tanu sitinafe, amayi," anatero. "Kungoti mumatichapa tisanaoneke n'komwe."

Namwinoyo atabereka, Mayi Thovu anatenga tchuthi chachitali kukalera mdzukulu. Matewera ankachapa ndi mkamwini wawo, iwo atakhala pampando n'kumamuuza pamene sipanayere.

Tsiku lobwerera kuntchito anaika chala pamakina paja, ndipo geti linatseguka lokha. Mlonda anaomba m'manja. Iwo anachiyang'anitsitsa chalacho, naona timizere tija titabwerera, n'kuyamba kupinda manja a malaya.

"Mpaka makina andidziwa? Iii, achimwene, ndiye kuti ulesi wandilowa."