Denga Lisapitirire la Akulu

Lachiwiri lapitali mvula yoyamba inagwa kwathu ku Kasenengwa. Anthu anakondwa, n'kuthamangira kuminda ndi mbewu. Ine ndinafika Lachitatu panjinga, ndinapeza khoma limodzi la nyumba yanga lili pansi, mitanda ya denga itapendekeka ngati chidakwa. Ndikulemba izi mtima ukuwawa, sindibisa ayi.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndine mphunzitsi muno m'Chipata, ndipo Disembala akubwerayu ndikupuma pantchito. Nyumba ya sukulu ndiyenera kutulukamo. Ndiye chaka chonse ndakhala ndikumanga kumudzi. Njerwa ndinaotcha ndekha, zomangira ndi dothi, poti ndi kugwa kwa kwachaku simenti yasanduka ya mabwana. Khoma la dothi mukulidziwa. Likafoleredwa limakhala zaka, koma likakhala pamtetete mvula imangolisungunula.

Pakati pa Okutobala makoma anafika pamwamba. Kalipentala wanga, a Tembo, anakhoma mitanda, anayamba kuyala mapaso. Malata anali chikhalire kwa mlongo wanga. Panangotsala masiku atatu basi.

Loweruka lina ndili pomwepo, anatulukira akulu anga a Gidiyoni, obadwa nawo bere limodzi. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"A Tembo, tsikani," anatero. "Dengali lapitirira langa. Wamkulu pano ndani?"

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke.

"Iwe Lameki, ufolere malata ine ndikugona m'nyumba yaudzu? Anthu aziti chiyani, kuti wamkulu ndi chitsiru? Ntchito iime mpaka amalume abwere tikambirane."

Amalumewo amakhala ku Mwami, ndipo miyendo imawavuta. Tinatumiza uthenga. Sabata inatha, ina inatha, yachitatu inayamba. Mkazi wanga anandichenjeza: "Bambo a Rute, mitambo sidikira amalume. Folerani, mlanduwo tikambira pansi pa denga." Ine ndinakana. Ndinakulira ku mishoni, kumene anatiphunzitsa kuti wamkulu sayankhidwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mbewayo ndi ine ndemwe.

Tsono ndifunse, abale anga, ulemu umenewu ndi wamtundu wanji?

Yendani njira ya ku Mtenguleni muone nyumba zoima popanda denga, udzu utamera m'zipinda. Timangoti eni ake ndalama zinawathera. Zina inde. Koma zina zinaimitsidwa ndi pakamwa pa wachibale, mwini wake n'kuopa kuti akakakamira adwala matenda osadziwika. Mwana timamutumiza kusukulu ndi madalitso, akuti akatiwombole. Akabwerako ndi lata limodzi, wasanduka wonyada. Akatopa n'kukamanga m'tauni, tiyambanso kulira kuti ana a masiku ano anaiwala kwawo. Kodi tikufuna chiyani kwenikweni?

Ndipo musayese kuti a Gidiyoni ndi ovutika. Thonje amakolola lochuluka, ng'ombe ali nazo. Chaka chatha ndinawapempha kuti tiumbe njerwa pamodzi, timange nyumba ziwiri. Anati alibe nthawi yosewera ndi matope. Malata sakuwafuna iwo. Akungofuna kuti inenso ndisakhale nawo.

Lachitatu lija ndili chiimire pakhoma lakugwalo, ndinamva kulira kwa wilibala. Anali a Gidiyoni.

"Pepa mng'ono wanga, mvula ilibe chisoni," anatero, maso ali pansi ngati ali pamaliro. "Koma njerwa zoswekazi suzigwiritsanso ntchito, eti? Nkhumba zanga zikusowa khola."

Ndinafuna kuwauza zonse, kuyambira za ubwana wathu. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinavula jekete, n'kuwathandiza kupakira. Maulendo anayi! Paulendo womaliza ndinachita kuwakankhira ndine, poti msana akuti ukuwapweteka.

Amalume mpaka lero sanafike. A Tembo apeza ntchito ina ku Katete. Nkhumba za akulu anga zigona pouma sabata ino. Inu amene mumakonda kutiuza kuti chibale ndi fupa sichiwola, tandiuzani: Disembala akakwana, mkazi wanga ndi ana ndikawagoneka kuti?