Dontho Lopotoka la pa Seveni

Zaka makumi anayi ndi zisanu a Demissew anakhala pa kagome kamodzimodzi, m'khonde la sitolo ku Kezira, pamsewu wotsikira kusiteshoni ya Dire Dawa, akukonza mawotchi. Anthu a njanji onse ankawadziwa: oyendetsa sitima ya ku Djibouti, omanga mabuleki, okupiza mbendera. Munthu akamavula wotchi kuti awapatse ankachita ngati akupereka khanda kwa namwino. Koma a Demissew ankangodziwa za m'mimba mwa wotchi. Nkhope yake inali ntchito ya akazi awo, a Yeshareg.

Mawotchi a masiku amenewo anali ndi utoto uja womwa dzuwa masana n'kumawala mumdima, ndipo wa njanji wopanda utoto umenewo anali wakhungu, poti sitima sidikira kuti kuche. Utoto ukazilala, a Yeshareg ankaupala n'kudontheza wina, dontho limodzi pa nambala iliyonse, kenako pa mivi iwiri ija. Burashi ankainyoza. Ankangothyola munga wa mthethe, kuusongola pamwala, basi. Akamaliza ankayanika wotchiyo padzuwa, kenako awiriwo n'kulowetsa mitu m'gabi, nsalu yochindikala ya thonje ija timafunda kukazizira, kuti aone ngati yawala bwino. Tangoganizani, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuluakulu awiri afunda gabi m'mbali mwa msewu! Abdosh, telala wa khomo loyandikana, ankaimitsa makina ake n'kukuwa kuti, "Mwayambanso? Kodi kunyumba kwanu kulibe chitseko?"

Wotchi ya a Demissew eni ake inali ndi chilema. Dontho la pa seveni linali lopotoka, lokhala ndi kamchira, ndipo aliyense woliona ankadabwa kuti dzanja la a Yeshareg linaphonya bwanji. Mlandu unali wa mwamuna. Ali mnyamata, akuphunzira ntchito kwa bambo ake a Yeshareg, anabweretsa wotchi yake yoyamba kuti mtsikanayo aidontheze. Anadikira mpaka munga utafika pa seveni, mawu n'kumutuluka okha: "Ine ndili ndi mpando umodzi, mphika umodzi ndi wotchi imeneyi. Mukandilola, mpando ndi wanu, ine ndizikhala pamphika." Mtsikana anaphulika kuseka, munga n'kuterereka. Anafuna kupukuta, mnyamata anakana. Anakwatirana mvula isanagwe.

A Yeshareg atatisiya, wotchi inapitiriza kuyenda, koma kuwala kwake kunayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Madontho anasanduka ofiirira ngati khofi wothira mkaka. Sitima nazo zinachepa, anthu anayamba kuona nthawi pafoni, maso a mdala anachita chifunga. Komabe tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo, a Demissew ankayanika wotchi, n'kulowa nayo m'gabi okhaokha. Inkawala kanthawi kongokwana kupuma katatu, kenako bii. M'kupuma katatu kameneko ankamva fungo la lubani la m'tsitsi la akazi awo, ankamva sitima ikulira kutali kuchigwa, ngakhale kunalibe sitima. Ankawasowa kwambiri, ndipo sankabisa.

Tsoka linadza chaka chachisanu ndi chiwiri chimwalirireni a Yeshareg, tsiku la mapemphero okumbukira malemuwo. Wansembe amatchula mayina a omwalira m'mamawa, kusanayere bwino. A Demissew anadzuka, kuyang'ana wotchi m'chizirezire, n'kusokoneza muvi wautali ndi waufupi. Anati nthawi idakalipo, anakhala pabedi akupesa ndevu. Pofika kutchalitchi anapeza anthu ali panja, akuvala nsapato. Dzina la a Yeshareg linali litatchulidwa kale, mwamuna wawo kulibe.

Abale inu, manyazi ake! Munthu amene tauni yonse inkakonzera nthawi pa dzanja lake! Abdosh, amene pakamwa pake sipauma, tsiku limenelo anangoti, "Mdala, paja wometa sadzimeta," n'kuwaikira kapu ya tiyi pagome osaonjezera kanthu. Kufatsa kwa Abdosh kunawapweteka kuposa chipongwe chake.

Mwana wawo Meskerem, amene amakonza mafoni ndi mawotchi ku Addis Ababa, anali atabwera ku mapempherowo, ndipo anaima yekha m'tchalitchi akucheukira kukhomo. Madzulo anakhala ndi bambo ake kunyumba. Atawotcha khofi, anatulutsa kabotolo m'chikwama n'kukaika patsogolo pa bambo ake, pakati pa makapu ndi mbale ya mbuliwuli.

"Ababa, uwu ndi utoto watsopano. Umawala mpaka kucha. Mundipatse wotchiyo, mawa ndipale zakalezo."

"Upale chiyani?"

"Madontho aja. Anafa kalekale, Ababa."

"Iwe, sunga pakamwa. Limenelo ndi dzanja la mayi ako."

"Dzanja la amayi lakuchedwetsani kwa amayi! Ine ndaima ndekha ngati mwana wamasiye, anthu akundiyang'ana. Amayi akanakhalapo akanapala okha, osakufunsani n'komwe. Ndi mawotchi angati a anthu amene anapala?"

Apo mwana ananena zoona. A Yeshareg analibe chisoni ndi utoto wakufa. Ankati wotchi yosaoneka ndi chibangili. Koma kupala ndi kupala, sikubwereranso. Munga ukangodutsa pa seveni, kamchira kaja kasanduka fumbi, ndipo padziko lonse sipatsalanso malo amene kuseka kwa tsiku lija kunagwera.

Masiku atatu anayenda nayo nkhaniyo mumtima. Meskerem anali woti abwerera Lachisanu. Masana mdala ankalowa m'gabi, thukuta lili kamukamu, n'kumafunsa mumdimamo: "Nanga nditani, mayi a Meskerem?" Ankawaona ali mtsikana, lilime lili pakona pa mlomo monga ankachitira podontheza, munga uli m'manja. Ankadutsa osayankha, akupita kumsika wa Megala ndi dengu, n'kusungunuka pamodzi ndi kuwala kuja. Tsiku lachitatu anakhalitsa mumdimamo kuwala kutatha, ndipo anazindikira chinthu chimene akanayenera kuchidziwa kale. Madontho onse khumi ndi awiri ankawadziwa pamene ali, ngakhale atatseka maso. Chimene chinawasokeretsa tsiku lija si madontho ayi. Inali mivi.

Lachinayi m'mawa anatsegula wotchi ndi manja awo, kuzula mivi iwiri ija ndi kachitsulo, n'kuiika papepala loyera. Nkhope ya wotchi anaivindikira ndi kapu.

"Iyi pala. Zapansi pa kapuzo usakhudze."

"Komatu pamiviponso ndi dzanja la amayi, Ababa."

"Ndikudziwa. Pala msanga ndisanasinthe maganizo."

Anayang'ana kumbali. Kunamveka kakukwecha kakang'ono, ndipo Meskerem atati watha, papepala panali kafumbi kofiirira kosadzaza ngakhale chikhadabo. A Demissew anapinda pepalalo kanayi, kuliika m'thumba la pamtima, misozi n'kutsikira m'ndevu. Sanaipukute.

Meskerem anatulutsa kaburashi kake ka ku Addis Ababa. Mdala anapukusa mutu, kutsegula kabati ya gome, n'kumupatsa munga wa mthethe wakuda ndi ukalamba. Mwanayo anaulandira ndi manja awiri. Anayamba ndi muvi waufupi, bwinobwino, osapuma. Atafika pa wautali, bambo ake anaona lilime latulukira pakona pa mlomo, mbali yomweyomweyo. Anadikira, monga anadikirira kale, mpaka munga utayandikira kunsonga.

"Mpando uja udakalipo kunyumba," anatero ndi mawu ozizira. "Koma mphika unabooka. Mayi ako anandikhazikapo zaka ziwiri."

Nkhani ya mphika Meskerem anali ataimva kambirimbiri, koma zakubookazo anali asanazimve. Anayesa kudzigwira, tsaya linanjenjemera, kenako anaphulika kuseka, misozi ili m'maso. Munga unaterereka. Kunsonga kwa muvi kunakhala dontho lonenepa, lopendekera kumanzere.

"Ababa! Taonani zimene mwandichititsa! Dikirani ndipukute."

"Ukapukuta, usadzapondenso pakhomo panga."

Utoto utauma anabwezera mivi, kutseka galasi, n'kuyanika wotchi padzuwa la masana. Kenako mdala anakutumula gabi n'kuitana mwana wake ndi chala. Mitu iwiri inalowa. Makina a Abdosh anaima.

"Ha! Zabwereranso zija?" anakuwa telala. "Ine ndimati tinapuma!" Koma kenako anayamba kufunafuna lumo limene linali m'manja mwake.

Mumdimamo mivi iwiri inali ngwee, yobiriwira, ikuyandama payokha popanda chogwira. Madontho akale anawala kupuma kwawo katatu, n'kuzima monga mwa masiku onse. Meskerem anafuna kutuluka, poti kutentha kunali kosasimbika, koma bambo ake anamugwira pamkono. Anaika galasi lawo lokuzira zinthu padiso. Muvi wautali unali utangodutsa pa sikisi, ukukwera pang'onopang'ono ndi dontho lake lonenepa. Anadikira, akumva wotchi ikugunda ndi mwana akupuma pambali pawo. Muvi utafika pa seveni, kuwala kwake kunagwera pansi pang'ono, ndipo mumdimamo munatulukira dontho lofiirira, lopotoka, ndi kamchira kake.

"Ndi amenewo," ananong'ona a Demissew.

Muvi unapitirira, seveni inabwerera mumdima. Meskerem anafunsa motsitsa ngati atuluke tsopano.

"Iwe tuluka, mwanangu, ukamwe madzi," anatero mdala, osachotsa galasi padiso. "Ine ndidikira. Abweranso pakatha ola, ndipo ulendo uno andipeza ndilipo."